N'chifukwa chiyani amayi amasiya sikelo mwana akangobayidwa wa chikuku?

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya zaumoyo m'mudzi mwathu. Sikelo imabwera kamodzi pamwezi, pabwalo la tchalitchi. Amayi a makanda amabwera ambiri ndithu, koma mwana akangolandira katemera wa chikuku wa miyezi 9 sitimuonanso, ndipo ena amasiya asanafike n'komwe pamenepo. A mfumu akuganiza zoti mayi wojomba azilipira nkhuku. Kodi vuto ndi ulesi kapena kusadziwa? Nanga chindapusachi chingathandize?

Yankho: Bambo mlembi, ndiyambe ndi nkhukuyo poti ndi imene yatsala pang'ono kugamulidwa. Chonde mukawagwire mwendo a mfumu kuti ayambe adikira kaye. Pa ntchito yanga ya unamwino wa m'madera ndakhala ndikutsatira kunyumba amayi osiya sikelo, ndipo aulesi enieni ndi owerengeka kwambiri. Mayi amene lero mukumutcha wojomba ndi yemweyo amene analawirira m'mamawa mwana ali ndi masabata 6, n'kubweranso pa masabata 10, n'kubweranso pa 14, thupi lake lisanabwerere n'komwe m'chimake. Waulesi sachita zimenezo. Chofunika kufufuza n'chakuti chinkamubweretsa nthawi ija n'chiyani, ndipo chinatha liti.

Chinkamubweretsa ndi jakisoni. Amalawi katemera timamukhulupirira, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015–16 anasonyeza zimenezi: pafupifupi ana onse anali atalandira BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene amasiya kachipsera paphewa. Koma amene analandira akatemera onse ofunika anali 76 pa ana 100 aliwonse. Kuyamba timayamba tonse, vuto lili pomaliza.

Taonani mmene ndondomeko yake inakhalira. Miyezi itatu yoyambirira imakhala yodzaza. Pobadwa pali BCG ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 pali katemera wa matenda asanu pamodzi, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, palinso wa chibayo amene anayamba mu 2011, ndi madontho a rota oteteza kutsegula m'mimba amene anabwera mu 2012. Ulendo uliwonse mayi amabwerera ataona ndi maso kuti mwana walandira kanthu. Kenako pamabwera mpata wautali, mpaka miyezi 9, wopanda jakisoni aliyense, kupatula m'maboma amene muli katemera wa malungo. Uyu anayamba kuno ku Malawi mu April 2019, dziko loyamba padziko lonse kumupereka kudzera ku sikelo, m'maboma 11 monga Mchinji, Mangochi, Machinga, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mwana amabayidwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Pa miyezi 9 pali wa chikuku, ndipo kuyambira mu 2023 palinso wa typhoid. Ukadutsa apo, pakamwa pa anthu pamangotuluka mawu amodzi: "Wamaliza katemera."

Mawu amenewa si umbuli ayi. Kwa zaka zambiri analidi oona. Katemera wachiwiri wa chikuku, wa miyezi 15, analowa m'ndondomeko yathu mu 2015. Agogo ndi apongozi amene analera ana awo chaka chimenecho chisanafike amadziwa kuti wa chikuku ndiye wotsekera, ndipo akamauza mpongozi wawo kuti "basi, wakula ameneyu," akunena zimene iwowo anaphunzitsidwa ku sikelo komweko. Amene anasintha ndi ife azaumoyo, ndipo uthenga wa kusinthako sunafike mokwanira kwa anthu amene mawu awo amamveka pakhomo. Chifukwa chimene anaonjezera wachiwiriyu n'chakuti pa miyezi 9 katemera sagwira mwa ana onse. Mwa ana 100, pafupifupi 15 amatsala osatetezeka. Anawa akaunjikana chaka ndi chaka, chikuku chimapeza polowera. Amene munalipo mu 2010 mukukumbukira mliri uja umene unagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ana ambiri n'kutisiya.

Tsono jakisoni akatha chimatsala ndi kukweza mwana pasikelo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mwezi ukubwerawu, Bambo, musakhale pa tebulo la olemba. Kakhaleni pansi pakati pa amayi muone zimene iwo amaona. Mayi wafika m'ma 7 koloko. Adikira alangizi a zaumoyo afike ndi bokosi la katemera. Ayimba nyimbo, amvera phunziro limene analimva kale mwezi watha. Mzere uyamba. Avula mwana, amulowetsa m'kathumba, amukoleka pa sikelo yomangirira kunthambi ya mtengo, mwana akulira ndi kuphiriphitha. Wina akuwa nambala, wina ailemba m'buku osadzutsa n'komwe mutu, buku libwezedwa, "wotsatira!" Mayi afika kunyumba dzuwa lili paliwombo, madzi sanatunge, ndiwo sanafune, kumunda sanapite. Mwamuna wake akamufunsa kuti akuti bwanji kusikeloko, alibe choyankha. Wataya m'mawa wonse kuti alandire nambala imene palibe wamutanthauzira. Inu mukanabweranso kangati?

Chomvetsa chisoni n'chakuti nambala imeneyo ndi yamtengo wapatali, makamaka pa msinkhu womwewo umene amayi amasowa. Miyezi 6 yoyamba mwana amatetezedwa ndi bere. Mavuto amayamba akayamba phala, nthawi zambiri phala lamadzimadzi la mgaiwa wokha, lopanda nsinjiro, akayamba kukwawa ndi kutola chilichonse n'kuika kukamwa, malungo ndi kutsegula m'mimba zikayamba kumupeza mobwerezabwereza. Mwana wotere saonda tsiku limodzi. Amangoima. Mayi amene amamuona tsiku ndi tsiku sazindikira, koma pa tchati cha m'buku timadontho timasiya kukwera, timayenda mopingasa miyezi iwiri kapena itatu. Pamenepo ndi pamene tingakonze zinthu ndi nsinjiro, dzira, usipa wosinja ndi kudyetsa pafupipafupi, mwana asanafike pofuna chiponde kapena kugonekedwa. Palinso kalamba koyezera pamkono: kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwana ali pangozi. Timadinanso mapazi ndi chala kuona ngati patsala kadzenje, chizindikiro cha kutupa kwa kunyentchera. Kuyambira miyezi 6 pali vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndipo akakwanitsa chaka pali mankhwala a njoka za m'mimba. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amayezedwa pa masabata 6, pa chaka chimodzi, ndi pa zaka ziwiri, chifukwa akuyamwabe. Kafukufuku uja anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhazikika makamaka mwana asanakwane zaka ziwiri. Zikadutsa zaka zimenezo n'kovuta kubweza.

Ndaona kusiyana kumene mphindi imodzi imapanga. Mlangizi akatsegula buku, n'kuloza ndi chala kuti "mwezi watha anali apa, lero wafika apa, mukumudyetsa bwino, Mayi," nkhope ya mayi imawala, ndipo mwezi wamawa amabwera kudzaona pamene kadontho kafike. Ndaonanso mayi wosadziwa kuwerenga akufotokozera mnzake mzere wa mwana wake molondola, chifukwa wina anamusonyezapo kamodzi. Sindikuwaimba mlandu alangizi. Boma linkafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo, ndipo pa tsiku la sikelo munthu mmodzi kapena awiri amakweza, kulemba, kubaya ndi kudzaza kaundula. Apa ndi pamene komiti ngati yanu ingathandize koposa: odzipereka akagwira ntchito yokweza ndi kuyang'anira mzere, mlangizi amapeza mpata woyankhula ndi mayi aliyense.

Chinthu china chimene sichitchulidwa pamisonkhano ndi manyazi. Sikelo imachitikira pagulu, mwana ali maliseche, mudzi wonse ukuona. Mayi wa mwana wonenepa amanyadira. Mayi wa mwana woonda amadziwa kuti maso onse ali pa iye, ndipo amadziwanso zimene zinenedwe pobwerera: kuti ndi tsempho, kuti makolo sanadzisunge, kuti bambo ake akuyendayenda. Mayi amene watenga pakati mwana akadali kumsana amaopa kunenedwa kuti watumbiza. Mtsikana amene wabereka ali pasukulu amaopa amayi akuluakulu. Wina buku linanyowa ndi mvula yodontha, wina makoswe analidya, wina mwana wamkulu analing'amba, ndipo anamvapo mnzake akukalipiridwa chifukwa cha buku lakuda. Wina mwana wavala mkanda wa mankhwala m'chiuno kapena wapakidwa za paliwombo, agogo ake akukana kuti achotse. Ndiye pali amene anangojomba kamodzi pa chifukwa chomveka, n'kuyamba kuopa funso lakuti "munali kuti mwezi watha?" Akajomba kachiwiri mantha amakula, kachitatu basi wasiya. Mukaonetsetsa, ana amene amabisidwa chifukwa cha manyazi ndi omwewo amene sikelo inapangidwira: oonda, obadwa mothithikana, a amayi achichepere, a m'mabanja osauka kwambiri. Nkhuku ya a mfumu ikagwera pa amenewa.

Za mtunda ndi nyengo mukuzidziwa kuposa ine. Mu January ndi February chiwerengero chimatsika kulikonse: mitsinje yadzaza, kumunda kuli kupalira ndi kubandira, m'nyumba mulibe ufa, ndipo mayi akapeza ganyu wa tsiku limenelo sangamusiye. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho mu March 2023 ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, mabanja ambiri anathawira m'misasa mabuku atapita ndi madzi. Matenanti a fodya ndi mabanja a asodzi amasamukasamuka, ndipo kumene afika sali m'kaundula wa aliyense. M'tauni chipatala chili pafupi koma nthawi ndiyo palibe: wa geni akatseka benchi m'mawa wonse ndiye kuti madzulo kulibe ndiwo, ndipo wolembedwa ntchito tchuthi chake cha uchembere mwa lamulo ndi masabata 8 okha, kutanthauza kuti katemera wa masabata 10 amamupeza atabwerera kale kuntchito. M'mudzi mukagwa maliro pa tsiku la sikelo, palibe angadutse pa siwa ndi buku m'manja. Mukatsegula kaundula wanu n'kuyang'ana miyezi imene anthu anachepa, mupeza kuti yambiri ili ndi chifukwa chimene mukuchikumbukira.

Nthawi zina wojomba amakhala sikeloyo. Galimoto kapena njinga yamoto ikasowa mafuta, katemera safika, amayi amadikira mpaka masana n'kubalalika popanda wowauza chimene chachitika. Palinso nkhani ya mabotolo. Botolo la BCG lili ndi katemera wa ana 20, ndipo likangosungunulidwa liyenera kutayidwa pakatha maola 6. La chikuku nalonso chimodzimodzi pa nthawi. Pofuna kupewa kutaya, malo ena amauza mayi kuti abwere tsiku lina ana akachuluka. Kwa wogwira ntchito n'zomveka, koma kwa mayi amene walipira kabaza ndi ulendo wopita pachabe. Wobwezedwa kawiri kachitatu sabwera. Ine maganizo anga ndi akuti kuli bwino kutsegula botolo chifukwa cha mwana mmodzi kusiyana n'kumutaya mwanayo, ndipo komiti yanu ili ndi ufulu wofunsa ku chipatala chanu kuti masiku a BCG ndi a chikuku ndi ati, n'kuwalengeza kuti aliyense adziwe.

Musaiwalenso kuti wonyamula mwana si amene amagamula yekha. Katemera wa masabata 6 nthawi zambiri amatenthetsa thupi tsiku limodzi kapena awiri, ntchafu n'kutupa pang'ono. Mayi akachenjezedwa amapirira. Akapanda kuchenjezedwa, mwana n'kulira usiku wonse, bambo amadzuka m'mawa n'kunena kuti "mwana wanga anapita ali bwinobwino, asadzapitenso." Mawu amenewo amalemera kuposa phunziro lililonse la pansi pa mtengo, komabe abambo sitiwaitana. Mphekesera za nthawi ya Covid zinasiyanso zipsera zake, moti ena anayamba kukayikira ngakhale katemera amene iwo eni analandira ali ana. Chinanso chinabwera ndi kampeni. Poliyo atapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe mu February 2022, koyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992, azaumoyo anayenda khomo ndi khomo maulendo angapo kudontheza ana. Inali ntchito yofunika, koma mabanja ena anatengapo phunziro lolakwika, lakuti katemera tsopano amakupeza pakhomo. Madontho a kampeni ndi oonjezera chabe. Salowa m'malo mwa jakisoni wa chikuku, ndipo palibe amakweza mwana pakhomopo.

Tibwerere tsono ku chindapusa. Njira imeneyi tinaionapo pa nkhani yoberekera kunyumba. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri anaika malamulo oti wochirira pakhomo azilipira mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Oberekera kuchipatala anachulukadi, ngakhale panalinso zifukwa zina. Koma ife a m'madera tinaonanso mbali ina: mayi amene wachirira panjira kapena usiku pakhomo ankabisala, khanda n'kukhala masabata osalandira BCG, osaonedwa pamchombo, chifukwa choopa kulipitsidwa. Masiku oyambirirawo ndi amene makanda ambiri amamwalira. Chindapusa chimagwira bwino pa munthu amene ali ndi njira koma sakufuna. Pa munthu amene akufuna koma wapanikizika, chimangomuphunzitsa kubisala, ndipo chimasandutsa inu a komiti kukhala anthu owathawa. Komanso nkhuku imene mulande ndi yomweyo imene ikanaikira dzira la mwana woondayo.

Mphamvu za a mfumu zilipo ndithu, zingoloza kwina. Iwo angagamule kuti tsiku la sikelo mayi wa mwana wamng'ono asaitanidwe ku ntchito ya chitukuko. Angagwirizane ndi alangizi kuti maliro akagwa pa tsikulo, sikelo isafe koma isunthire tsiku lodziwika, ndipo uthenga upite kudzera m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Angaitane abambo paokha, mlangizi n'kuwafotokozera za kutentha thupi kwa pambuyo pa jakisoni ndi za katemera wa miyezi 15. Angaitanenso agogo aakazi ndi anankungwi, mwaulemu, n'kuwauza kuti ndondomeko inasintha, chifukwa iwowa akamva amakhala oyamba kukumbutsa. Anganene poyera kuti mwana angabwere ndi bambo ake, agogo ake, kapena azakhali ake, bola buku likhalepo ndipo wobwera naye akafotokoze kunyumba zimene wauzidwa. Ndipo ngati mudzi ungaumbe njerwa, kanyumba ka sikelo kokhala ndi kachipinda kamodzi kamasintha zambiri: mvula sibalalitsa anthu, ndipo mayi wa mwana woonda kapena wofunika kuyezedwa magazi amayankhulidwa kumbali, osati pamaso pa anzake.

Inuyo a komiti, khalani pansi ndi mlangizi sikelo ikangotha, mutulutse maina a ana amene sanabwere, makamaka amene akuyembekezera jakisoni ndi amene mzere wawo unali utaima. Mugawane makomo, mupite sabata yomweyo, ndipo wopita akhale munthu amene banjalo limamasuka naye. Funso likhale lakuti "mwana ali bwanji, chinavuta n'chiyani?" Mukamva mayankho a makomo khumi mudziwa vuto lenileni la mudzi wanu, limene mwina silili m'gulu la zimene ndatchulazi. Mugwirizanenso ndi alangizi kuti wobwerera atajomba alandiridwe ndi "mwachita bwino kubwera," chifukwa amayi ena onse amakhala akumvetsera mmene mnzawo alandiridwire.

Pali mfundo zingapo zimene amayi ambiri sazidziwa, ndipo kusazidziwako kumawasunga kunyumba. Mwana amene wadumphitsa katemera sayambiranso poyamba. Amapitiriza pamene anasiyira, ngakhale papite miyezi. Wa chikuku wachiwiri akhoza kulandira ngakhale miyezi 15 yadutsa. Buku likatayika kapena kung'ambika, mwana abwerebe, zambiri zimapezeka m'kaundula ndipo buku lina limapezeka. Chimfine, kachifuwa kapena kutsegula m'mimba pang'ono si chifukwa chosiyira mwana kunyumba. Abwere, wazaumoyo ndiye aone. Koma mwana amene akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, akupuma mothamanga kapena movutikira, wafooka kwambiri, kapena watupa mapazi, asadikire tsiku la sikelo. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi lithamangitsidwe nthawi yomweyo.

Mukachita zonsezi padzatsalabe mabanja ochepa okana zenizeni, kawirikawiri chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo wawo. Awa nkhuku siwasuntha. Amalipira mosavuta n'kuona ngati ayesedwa chikhulupiriro. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kuyankhula ndi mtsogoleri wawo mobwerezabwereza, a mfumu ali pomwepo, komanso kusiya khomo lotsegula kwa amayi a mumpingomo, chifukwa ena mwa iwo amafuna mwana abayidwe koma sangaonekere pamzere. Mlangizi wanzeru amawapezera nthawi yawo, anthu atabalalika, ndipo sazilengeza. Ngati mwana wa m'banja lotere wadwala kwambiri makolo n'kumakana kupita naye kuchipatala, imeneyo si nkhaninso ya komiti yokha: dziwitsani a chipatala ndi a zachitetezo cha ana a m'dera lanu tsiku lomwelo.